Mankhwala, poizoni kapena chiphe?

Aphunzitsi ena a ku Mchinji afunsa kuti: "Ndikufuna kufotokozera ana za Gerald Wogan, wasayansi wa pa yunivesite ya MIT ku America amene anakalambira pa kafukufuku wa aflatoxin. Pa wailesi timamva 'mankhwala oyambitsa khansa', koma mankhwala si ochiza kodi? Ndinene bwanji?"

Aphunzitsi, funso ili landisangalatsa zedi. A wailesi sakulakwa kwenikweni, paja mawu oti mankhwala ndi thumba lalikulu, muli a kuchipatala, a makoswe, othira mu chimanga, ngakhale aja a kwa sing'anga opwetekera mnzako. Koma aflatoxin sachokera mu botolo ayi, amapangidwa ndi chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Mukangoti mankhwala mwana aganiza kuti wina anachita kuthira.

Ine ndimaima pa chiphe. Chi- kuphatikiza -pha, chinthu chopha basi, mawu athuathu omveka ngakhale kwa mwana wa sitandade 1, koma masiku ano aliyense ndi poizoni poizoni ngati makolo athu analibe dzina la zimenezi, zimandiwawa ndithu. Ululu usiyeni, umenewo ndi wa njoka ndi njuchi.

Ena amati chiphe ndi chokhacho chopha pompopompo. Anakhazikitsa lamulo limenelo ndani? Zoona mu 1960 ku England nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa msangamsanga zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil, ndipo aflatoxin anadziwikira pamenepo. Koma a Wogan ndi anzawo anaonetsa kuti makoswe ukamawapatsa pang'ono chabe kwa nthawi yaitali amayamba khansa ya chiwindi, kenako kafukufuku anapita kwa anthu ku Thailand ndi ku China, kumene zinaoneka kuti munthu akakhala kale ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B ngozi yake imakula kwambiri. Chopha pang'onopang'ono ndi chiphe chomwe, agogo anga ankatilavulitsa mtedza wowawa ndipo mawu ake anali omwewa.

Ndiye anawo muwauze kuti aflatoxin ndi chiphe cha m'chuku choyambitsa khansa, ndipo a Wogan anali katswiri wa sayansi ya ziphe. Mawu oti khansa musalimbane nawo, amenewo anakhazikika, kuchipatala ndi kumudzi komwe amatero.