Ganizo la buku landigwera ndili pamzere: kodi ndisiye ntchito?

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikulemba ndakatulo zomwe ndimangosunga. Mwezi wathawu ndili pamzere kuchipatala, ndinamva agogo ena akuuza mdzukulu wawo kuti, "Usakamuuze kuti ndinabwera kuno." Sindikudziwa ankanena ndani. Koma pomwepo nkhani yonse inandibwerera m'mutu: mayi wobisa matenda ake kwa mwana wake wamkazi yemwe anayambana naye kalekale. Chiyambire tsiku limenelo tulo sindikutiona. Mtima ukundiuza kuti ndisiye ntchito ndilembe nthano yaitali. Bambo a kunyumba akuti ndangotengeka, zitha zokha. Kodi zoterezi zimawachitikiradi alembi enieni? Nditani?

Mayi T.

YANKHO

Mayi T., zimachitikadi, ndipo musachite nazo manyazi. Koma ntchito musasiye.

Mu Epulo 1978, Haruki Murakami, yemwe anadzakhala mlembi wotchuka wa ku Japan, anali ndi zaka 29, akuyendetsa bala ya nyimbo za jazi ku Tokyo, asanalembepo nthano ngakhale imodzi. Tsiku lina anali pabwalo la Jingu kuonera baseball. Wosewera wina wa ku America, Dave Hilton, atamenya mpira, Murakami akuti anangomva mumtima kuti angathe kulemba buku. Anagula cholembera ndi mapepala. Chimene anthu ambiri sachitchula pofotokoza nkhaniyi n'chakuti bala ija sanaitseke. Ankagwira ntchito mpaka usiku, akaweruka n'kukhala patebulo la kukhitchini kumalemba. Buku loyamba linatuluka mu 1979 n'kupata mphoto ya alembi atsopano. Bala anadzaigulitsa mu 1981, ali kale ndi mabuku awiri.

J.K. Rowling nayenso ganizo la Harry Potter linamupeza mu 1990 ali m'sitima yochedwa, yochokera ku Manchester kupita ku London, alibe n'cholembera chomwe. Bukulo linadzatuluka mu 1997. Pakati pa zaka ziwirizi anakaphunzitsa Chingerezi ku Portugal, anabereka mwana, banja linatha, ndipo osindikiza mabuku 12 anamukana. Ulendo wa pasitima unali wa maola ochepa, koma ntchito inamutengera zaka zisanu ndi ziwiri.

Mwina mundiuza kuti alipo amene anasiyadi ntchito. Alipo, ndipo nkhani yake ndi imene ikukhudzani kwambiri. Mu 1965 mlembi wa ku Colombia, Gabriel García Márquez, anali pagalimoto ndi banja lake kuchokera ku Mexico City kupita ku Acapulco pamene buku lomwe linadzamutchukitsa linamutsegukira m'mutu. Anasiya ntchito, nadzitsekera m'chipinda kwa miyezi 18. Mkazi wake Mercedes ndiye anasenza banja: ngongole ya lendi, kupinyolitsa katundu wa m'nyumba mmodzimmodzi. Pomaliza analibe ngakhale ndalama zokwanira kutumiza mapepala onse kwa osindikiza ku Buenos Aires, moti anayamba atumiza theka. Bukulo linatuluka mu 1967. Koma taonani, munthuyu anali atagwira kale ntchito ya utolankhani kwa zaka zambiri, anali atatulutsa kale mabuku angapo, ndipo nkhani ya nyumba ya agogo ake kwawo ku Aracataca ankalimbana nayo kuyambira ali mnyamata, ikumukanika. Chimene chinamufikira pamsewu paja sichinali nkhani yatsopano. Anapeza kafotokozedwe: kusimba zodabwitsa nkhope ili gwa, monga momwe ankasimbira agogo ake aakazi.

N'chifukwa chake ine ndikukayika kuti nkhaniyi munaitola kuchipatala. Pamzere paja panali anthu ambiri, ndipo mawu a agogowo anadutsa m'makutu mwa ena angapo osawasiyira kanthu. Inu anakugwirani chifukwa anagunda pa chinthu chomwe munali nacho kale. Tulutsani ndakatulo zanu zakale muziwerenge mofatsa. Ndingadabwe ngati simupezamo mayi ndi mwana, kapena anthu awiri okondana amene sakulankhulana. Zaka zomwe mwakhala mukulakatula ndi zimene zinanola khutu lanu kuti limve kulemera kwa mawu anayi okha.

Bambo a kunyumba akunenanso zoona pa mbali imodzi. Kutentha mukukumvaku kuzirala. Kumazirala kwa aliyense, kawirikawiri munthu akangodutsa masamba oyambirira, pamene zomwe zinabwera zokha zija zatha ndipo chotsatira chiyenera kuchita kukumbidwa. Ambiri amasiyira pamenepo poganiza kuti ganizolo linali labodza, chonsecho apo ndi pamene ntchito yayambira. Ndiye musanazizidwe, lembani zonse zomwe munaona, lero lomwe, mosasamala kukongola kwa mawu: nkhope ya mayiyo, momwe amapindira kapepala ka dokotala n'kukabisa, chimene amayankha foni ya mwanayo ikalira. Musayambe ndi mutu woyamba. Yambani ndi pomwe pakuwala.

Kenako dzifunseni mafunso ouma. Anayambana chifukwa chiyani? Ndani analakwa, ndipo kodi wolakwayo akudziwa? Mwanayo akufuna chiyani pa moyo wake, kupatula nkhani ya amayi ake? Akusimba ndani, mayi, mwana, kapena mdzukulu wosenzetsedwa chinsinsi uja? Kwa ine mdzukuluyo ndi amene akundikoka, poti ndiye ali pakati pa moto, koma bukulo ndi lanu. Ampangankhani akapanda chomwe akufuna, nthano yaitali imaima pamasamba makumi awiri.

Palinso msampha umene alakatuli ambiri amakodwamo akayamba nthano. Mlakatuli anazolowera kusalaza mzere umodzi mpaka utanyezimira, ndipo pa ndakatulo ndi momwe ziyenera kukhalira. Mukachita zimenezo pano, mudzatha chaka muli pa ndime yoyamba. Lolani masamba oyipa adutse, mudzawakonza nkhani ikafika kumapeto. Ndiponso musamaisimbe pakamwa kwa aliyense wokufunsani. Nkhani ikasimbidwa kangapo, njala yoilemba imachepa, pakuti mtima umaona ngati yatuluka kale.

Konzekeraninso kuti mwina chimene mwagwirachi ndi nthano yaifupi ya masamba khumi. Zikatero musaikoke kuti italike. Nthano yaifupi yomalizidwa bwino idzakutsegulirani makomo ambiri kuposa buku lomwe lagona theka.

Pa za ntchito, malipiro anu ndi amene akugulirani ufulu wolemba mosathamangitsidwa. Munthu amene akulemba uku akuganiza za ngongole amafulumiza buku lisanapse, ndipo limaoneka. Pezani ola limodzi tsiku lililonse, m'mawa anthu asanadzuke kapena madzulo mukaweruka, mulisunge kwa miyezi itatu. Kwa bambo a kunyumba musapemphe kuti akhulupirire bukulo, poti sanalione. Apempheni ola limenelo basi, kuti pa nthawiyo za pakhomo azione ndi iwo. Nkhani yosiya ntchito mudzaikambirane nonse awiri mutamaliza kulemba buku lonse kamodzi, mutalibwereza, ndipo munthu wodziwa kuwerenga yemwe si mnzanu kapena wachibale ataliona n'kukuuzani maganizo ake mosakunyengererani.