Funsani Amakaniko: Madzi a pa mjigo mu radiyeta

FUNSO: Zikomo amakaniko. Ndili ndi Toyota Corolla ya injini ya 5A yomwe ndimanyamulira anthu kuchoka pa Kamwendo kupita pa boma la Mchinji. Mu radiyeta ndimathira madzi a pa mjigo. Tsopano madziwo akumafiira, ndipo pakhosi pomwe paipi ya labala imalowera ku injini padyeka, pali timaenje ndi zoyera ngati phulusa. Anzanga akuti ndingochotsa thermostat, kachipangizo kaja kamatsegula njira ya madzi injini ikatentha. Nditero?
Wowerenga wa pa Kamwendo, Mchinji

YANKHO: Thermostat isiyeni bambo, ilibe mlandu. Mukaichotsa injini izichedwa kutentha, izimwa mafuta ambiri, koma kudyekako kupitirirabe. Vuto ndi madziwo.

Injini ya 5A ili ndi zitsulo zosiyana. Buloko ndi ya cast iron, silinda hedi ndi ya aluminiyamu, ndipo ngati radiyeta yanu ndi yachikale ija amawotcherera ikabooka, muli mkuwa. Zitsulo zosiyana zikalumikizana, kwinaku zili m'madzi a mchere, pamabadwa timagetsi monga zimachitikira mu batire. Timagetsi timeneti timadya chitsulo chosalimba pa zonsezo, ndipo apa ndi aluminiyamu. Zoyera mukuzionazo ndi aluminiyamu wodyeka. Kufiira kwa madzi ndi dzimbiri la m'buloko. Madzi a pa mjigo amakhala ndi mchere wa m'nthaka ngakhale osamveka pa lilime, ndiye magetsiwo amayenda bwino. Amasiyanso zokakamira zonga za m'ketulo zomwe zimatseka timapaipi ta radiyeta.

Ambiri amati coolant, madzi a mankhwala aja othira mu radiyeta, ndi wa kumayiko ozizira. Ayi. Muli mankhwala omwe amakuta zitsulo mkatimo kuti zisadyane, ndipo kwathu kuno imeneyo ndiye ntchito yake yaikulu.

Yambani mwatsuka. Injini itazizira, ikani hita ya m'galimoto potentha, khuthulani madzi onse, thirani abwino, lizani injini mpaka paipi ya pamwamba itatentha, muidikire izizire, mukhuthulenso. Bwerezani mpaka madzi atuluke oyera. Musayerekeze kutsukira caustic soda ija yopangira sopo: imadya aluminiyamu mwachangu kuposa madzi a pa mjigo. Kakhosi kodyekako kasintheni pamodzi ndi gasiketi yake, poti paipi singagwire bwino pa timaenje.

Corolla yotere imalowa malita pakati pa 5 ndi 6. Theka likhale coolant, theka madzi a distilled aja othira mu batire (onetsetsani kuti si asidi). Ndalama zikavuta, coolant asachepere gawo limodzi mwa magawo atatu. Werengani pa chigubu: wina amabwera wosakaniza kale, ndiye mukathiramo madzi mwamupha mphamvu. Coolant wakale amene mwakhuthula musatayire pafupi ndi mjigo kapena pomwe pamayenda ana, agalu ndi mbuzi. Amatsekemera koma ndi poizoni.

Pali china chomwe amakaniko ambiri amachidumpha: waya wa earth wochoka pa batire kupita ku injini ndi ku bodi. Akamasuka kapena akachita dzimbiri, magetsi a galimoto amadzera m'madzi a radiyeta, ndipo ngakhale radiyeta yatsopano imabooka msanga. Yezani ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, mutaiika pa DC. Waya wakuda pa negative ya batire, wofiira muviike m'madzi pakamwa pa radiyeta osakhudza chitsulo, injini isanatenthe. Ikapitirira 0.3 volts injini ili chozima, coolant watha ntchito. Nambala ikakwera mutaliza injini n'kuyatsa magetsi ndi fani, kwechani mawaya a earth ndi sandipepa, mumange zolimba.

FUNSO: Coolant wanga ndi wofiira koma ku shopu ndapeza wobiriwira yekha. Ndiwonjezere?
Wowerenga wa ku Santhe, Kasungu

YANKHO: Osasakaniza. Mankhwala ake amatha kusiyana, ndipo akakumana mphamvu yoteteza imachepa, nthawi zina amasanduka zaphalaphala zotseka radiyeta. Mtundu pawokha musamaukhulupirire, makampani amapaka utoto womwe afuna; werengani zolembedwa pa chigubu. Ngati wachepa pang'ono, wonjezerani madzi a distilled mpaka mutapeza wofanana naye. Mukafuna kusinthiratu, tsukani kaye monga tafotokozera pamwambapa. Wobiriwira wamba amafuna kusintha zaka 2 zilizonse.