Mayi, musathamangire kufulasha foniyo

Mwanena kuti Samsung Galaxy A12 yanu inayamba update usiku magetsi atazima, batire n'kuthera pakati, ndipo kuyambira m'mawa ikungoonetsa dzina la Samsung, n'kuzima, n'kuyakanso. Wokonza mafoni wakuuzani kuti ayifulashe, kutanthauza kulembamonso Android mwatsopano pogwiritsa ntchito kompyuta, koma inu mtima uli pa zithunzi za mwana ndi maoda a makasitomala a pa WhatsApp. Ndaona ena akuyankhani kale kuti ingofulashani basi. Ine ndikuti dikirani kaye. Pali zoti muyese nokha kunyumba zosafufuta kanthu, ndiponso kufulashako kuli pawiri.

Musanachite china chilichonse, tulutsani SIM ndi memory card. Ndalama za Airtel Money kapena Mpamba sizikhala m'foni ayi, zili pa nambala yanu, ndiye SIM muiike m'kafoni ka mabatani, geni ipitirire. Memory card muione pa foni ina. Mwina kamera inkasunga zithunzi mmenemo inu osadziwa, nkhawa n'kuchepa pomwepo.

Kenako ichajeni ndi chaja yabwino kwa ola lathunthu, osaigwiragwira. Foni yomwe batire linatheratu imatha kuyaka, n'kufika pa dzina lija, mphamvu n'kuperewera, n'kuzimanso, munthu n'kumati yafa pomwe ili ndi njala chabe. Ola likakwana, dinani batani lotsitsira mawu pamodzi ndi loyatsira, muwagwire osasiya mpaka masekondi 10 kapena kupitirira pang'ono. Izi zikufanana ndi kuchotsa batire kuja tinkachita pa mafoni akale. Ikayaka muisiye pa dzina la Samsung ngakhale mphindi 15, chifukwa ikangomaliza update imachedwa kulowa ulendo woyamba.

Zikakanika, yesani Safe mode, njira yoyatsira foni popanda mapulogalamu omwe munaikamo nokha. Dzina la Samsung likangotuluka, gwirani batani lotsitsira mawu mpaka foni italowa. Mukaona mawu akuti Safe mode pakona ya m'munsi, chinthu choyamba si kukonza foni ayi. Koperani zithunzi zonse pa kompyuta kapena pa memory card nthawi yomweyo, WhatsApp muione pambuyo pake. Zina zonse zidikire.

Ngati nayonso yakana, pali recovery, mndandanda wobisika wokonzera foni womwe umatseguka Android isanalowe. Apa Samsung imavutirapo pang'ono. Mafoni ake ambiri kuyambira pa Android 11 salowa mu recovery popanda chingwe cholumikizidwa ku kompyuta, ndipo anthu amadina mabatani mpaka zala kuwawa osadziwa kuti vuto ndi limenelo. Lumikizani chingwe ku laputopu, dinani lotsitsira mawu ndi loyatsira mpaka sikirini ide, ndiye msangamsanga sinthani chala mupite pa lokwezera mawu, loyatsira lija musalisiye. Patuluka timawu ting'onoting'ono tachingerezi. Mumayenda ndi mabatani a mawu, n'kusankha ndi loyatsira. Sankhani Wipe cache partition, kenako Reboot system now. Izi zimangochotsa zinyalala zomwe foni inasunga mongoyembekezera, zithunzi sizikhudzidwa. Koma chonde werengani kawiri musanadine, chifukwa pafupi pomwepo pali Wipe data/factory reset, ndipo imeneyo ndiyo imasesa zonse. Kwa anzathu a Tecno, Infinix ndi itel amene mukuwerenga nawo: mukaona kachidole ka Android kagona chagada ndi mawu oti No command, foni sinafe. Gwirani loyatsira, dinani lokwezera mawu kamodzi, mndandanda utuluka.

Tsopano za kufulasha, pomwe ndikufuna mumvetsetse musanapereke foni pa benchi ya wokonza. Samsung amaifulasha ndi pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Odin. Mafayilo ake amabwera asanu: BL, AP, CP, CSC ndi HOME_CSC. Awiri omalizawo amasankhapo imodzi. Akaika CSC, foni imatuluka yopanda kanthu ngati yochokera m'bokosi. Akaika HOME_CSC, Android imalembedwanso koma katundu wanu amatsala. Popeza vuto lanu ndi update yodukira panjira, HOME_CSC ndiyo yoyenera kuyamba nayo. Sindikulonjeza kuti ichira, nthawi zina imakana ndithu n'kufunika kusesa, koma kuyesa sikuwononga kanthu. Okonza ambiri amangoika CSC chifukwa ndi yachangu ndipo kasitomala sabwereranso kudzadandaula kuti foni ikuvutabe. Mufunseni maso ndi maso kuti aika iti. Akayamba kuzungulira kapena kukuuzani kuti zonse n'chimodzimodzi, tengani foni yanu mupite kwina.

Aonenso nambala ya mtundu wa foniyo, ili pa bokosi ndi kumbuyo kwa foni m'timalemba tating'ono. Ma A12 alipo awiri ofanana nkhope koma osiyana m'kati: SM-A125F ili ndi purosesa ya MediaTek, SM-A127F ili ndi Exynos. Mafayilo a ina sagwira pa inzake.

Wina akakuuzani kuti atulutsa kaye zithunzi ndi kompyuta kenako afulashe, musakhulupirire msanga. A12 inatuluka kumapeto kwa 2020 ndi Android 10, ndipo mafoni a nthawi imeneyo kupita m'tsogolo amasunga zonse zili zokhomedwa. Zimatseguka pokhapokha foni italowa, inu n'kuika PIN kapena pateni yanu. Ikadali pa dzina la Samsung, kompyuta singawerenge kanthu.

Chinanso chomwe chimagwetsa anthu ambiri ndi akaunti ya Google. Ndinazionera pa mchemwali wanga. Foni yake inachita ngati yanuyi, anaipereka pa kabenchi kena mumsika, mnyamata uja n'kuisesa m'mphindi zochepa. Itayaka, inafuna imelo ndi pasiwedi zomwe zinali m'menemo kale. Iye kukanda mutu, chifukwa akauntiyo anamutsegulira ndi amene anamugulitsa foni, pasiwedi n'kuilemba pa kapepala komwe kanasowa kalekale. Tinakhala pa benchi paja mpaka dzuwa kupendeka tikuyesa mayina a ana ndi zaka zobadwa. Loko imeneyi ndi FRP, Google inaiika kuyambira pa Android 5.1 pofuna kuti wakuba asamangosesa foni n'kuyamba kuigwiritsa ntchito. Tsoka lake siizindikira nkhope ya mwini wake. Mchemwali wanga analipira kachiwiri kuti aichotse, zithunzi za chinkhoswe chake osazionanso.

Ndiye lero lomwe, bwerekani foni kapena laputopu mulowe mu Gmail yanu. Ngati pasiwedi munaiwala, yesani kuibwezeretsa pogwiritsa ntchito nambala yanu ija ili m'kafoni ka mabatani, ngati ndi yomwe inaikidwa pa akauntiyo. Dziwani kuti mukasintha pasiwedi n'kusesa foni nthawi yomweyo, imatha kukudikiritsani tsiku lathunthu isanavomere yatsopanoyo. Mukalowa, tsegulani Google Photos muone ngati zithunzi za mwana zilimo, ndiponso pa Google Drive muone tsiku lomwe WhatsApp inasunga komaliza. Ambirife timazimitsa zimenezi poopa bandulo, ndiye musadabwe mukapeza za chaka chatha.

Mukayesa recovery, jambulani sikiriniyo ndi foni ina muike pano, pamodzi ndi nambala ija ya SM, ndione ngati pali mzere wofiira wosonyeza vuto pansi pake.