Graceful restart ikathera panjira chifukwa linki yaduka kwina

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti ankasintha sofutiweya pa rauta ya OSPF (ndondomeko yomwe marauta amauzirana njira), graceful restart ili yoyatsa. Imeneyi ndi njira yoti rauta izitumizabe mapaketi ikamayambiranso, oyandikana nayo akuithandiza. Rautayo ili mkati moyambiranso, linki ina yakutali idaduka, marauta oyandikana nayo adasiya kuithandiza, mapaketi nkutayika. Akufunsa ngati sofutiweyayo ili ndi vuto, komanso ngati azimitse strict LSA checking, lamulo loti oyandikana nayo asiye kuithandiza mapu a netiweki akasintha.

Anzanga, sofutiweya yanu ilibe mlandu. Marautawo adachita zomwe RFC 3623 ya 2003, chikalata cha malamulo a graceful restart ya OSPF, imanena.

Rauta ikamayambiranso, control plane (gawo lowerengera njira) imayamba yaima, koma forwarding table (mndandanda wa njira zotumizira mapaketi) yakale imapitiriza kutumiza mapaketi. Rautayo imatumiza grace-LSA (LSA ndi uthenga womwe marauta a OSPF amalengezera malinki awo) kupempha oyandikana nayo kuti azilengezabe kuti ilipo kwa nthawi yosapitirira masekondi 1800. Pempholi limagwira ntchito pokhapokha mapu a netiweki akhale osasintha nthawi yonseyo. Linki ikaduka, marauta ena onse amawerengera njira zachidule (SPF) mwatsopano pomwe yanu ikadagwiritsa njira zakale. Mnzake angaitumizire paketi poganiza kuti njira yatsopano ikudutsa pa iyo, iyo nkuibweza komwe yachokera, paketi nkumangozungulira mpaka TTL (malire a marauta omwe paketi ingadutse) itatha. Strict LSA checking ilipo kuti izi zisachitike. Wothandiza akaona LSA yasintha, amasiya kuthandiza, netiweki nkupeza njira yolambalala rauta yanu.

Ine sindingaizimitse pakati pa netiweki pomwe njira zili zambiri. Kutaya mapaketi kwa masekondi ochepa nkwabwinoko kusiyana ndi loop (kuzungulira kwa mapaketi kuja) yodzaza malinki. Pa rauta yakumapeto yomwe ili ndi njira imodzi yokha yotulukira, mungaizimitse, popeza palibenso kwina koti mapaketi adzere.

Ku BGP, ndondomeko ina yogawana njira pakati pa manetiweki, samalani kwambiri ndi graceful restart. Malinga ndi RFC 4724 ya 2007, rauta ikamayambiranso, mnzake amasunga njira zakale nkumadikira kuti session (kulumikizana kwawo) ibwerere ndi kulandira End-of-RIB, chizindikiro choti njira zonse zatumizidwa. Ngati rautayo yaferatu, mapaketi amapitabe kwa iyo nkumatayika mpaka restart time (nthawi yodikirira session) itatha. Choncho nthawiyo musaitalikitse mwachisawawa. Muonenso komwe BFD yanu (yozindikira msanga kuduka kwa kulumikizana) imayendera: ikakhala pa control plane, imagwa limodzi ndi rauta nkusokoneza graceful restart yomweyo.

Ntchito yokonzekera ngati yanuyi, yambani mwakweza metric (mtengo wa linki posankha njira) ya malinki a rautayo kufika pamwamba penipeni, monga RFC 6987 ikufotokozera. Dikirani mapaketi asamukire njira zina, kenaka muiyambitsenso.