Kwa chemwali wa ku Kawale amene akufunsa za ntchito m'mabungwe muno mu Lilongwe

Chemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munamaliza dipuloma ya zachitukuko cha m'madera chaka chatha, mwatumiza makalata ofunsira ntchito osawerengeka koma palibe bungwe ngakhale limodzi lomwe lakuitanani, ndiye mukufuna kudziwa komwe anthu amamvera za ntchito m'mabungwe omwe si aboma muno mu Lilongwe, komanso ngati ntchito yongodzipereka ili ndi phindu kapena n'kutaya nthawi chabe. Ambiri akuyankhani kuti popanda wachibale simungalowe. Ine ndagwira ntchito m'mabungwewa zaka zoposa khumi, ndipo kangapo ndakhala nawo pagulu losankha anthu oti tiwalembe, choncho mundilole nditalikitseko.

Ndiyambe ndi chowawa. Nyengo ino ndi yovuta kuposa yomwe ife tinalowera. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kumayiko akunja, ndipo pofika July chaka chomwecho USAID, nthambi ya bomalo yomwe inkapereka thandizoli, inali itatsekedwa. Mapulojekiti ambiri a zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi anaima mwadzidzidzi. Anthu omwe anali atagwira ntchito zaka 10 kapena 15 anabwerera kunyumba, ndipo lero ndi omwewo amene mukulimbirana nawo ntchito zomwe kale zinkapita kwa ongotuluka kumene kukoleji. Ndiye mukaona kuti sakukuyankhani, musadzione ngati wolephera. Mzere watalika, malo achepa.

Za achibalezo, sindikana kuti kukondera kulipo. Ndakuonapo ndi maso anga ndipo kumandinyansa. Koma chomwe ndaona kawirikawiri n'china. Wolemba ntchito amaopa munthu amene palibe angamuchitire umboni. Pulojekiti imakhala ya chaka chimodzi kapena ziwiri, opereka ndalama akufuna malipoti pa nthawi yake, ndipo palibe mpata wolemba munthu n'kuzindikira patatha miyezi itatu kuti sangathe kuima pamaso pa mafumu kapena kuti amathawa mvula. Makalata akabwera 300 pa malo amodzi, onse a dipuloma yofanana, amene amatuluka ndi uja wina m'chipindamo anena kuti, "Ameneyu ndikumudziwa, tinali naye nthawi ya kolera, ankafika m'mawa ndipo mafomu ake sankafuna kukonza." Munthu wonena mawu amenewa kawirikawiri si malume ake. Ndi munthu amene anamuona akugwira ntchito. Ndiye funso lenileni ndi lakuti, ndani muno mu Lilongwe amene anakuonanipo inu mukugwira ntchito?

Zakomwe ntchito zimalengezedwa sindikhalitsapo. Nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zimakhalabe ndi malonda a ntchito, ndipo ngati yogulira palibe mukhoza kukawerenga ku National Library ku City Centre. Pa intaneti onani ReliefWeb ndi LinkedIn, masamba omwe amalengeza ntchito, komanso masamba a mabungwe enieniwo monga World Vision, Save the Children, Plan International, CARE, ActionAid, WaterAid ndi Concern Worldwide. A UN Volunteers amalembanso Amalawi ogwira ntchito m'dziko momwe muno, ndipo mumalembetsa nokha pa tsamba lawo popanda kulipira. CorpsAfrica imatenga achinyamata ophunzira a ku Malawi kuno n'kuwatumiza kukakhala kumudzi pafupifupi chaka, kugwira ntchito ndi eni mudzi. Musaiwalenso mabungwe a mipingo monga CADECOM (ya zachitukuko) ndi CCJP (ya zachilungamo ndi mtendere) a mpingo wa Katolika, kapena nthambi zachitukuko za Sinodi ya Nkhoma, chifukwa ntchito zawo zina zimamveka kutchalitchi zisanafike patali.

Koma ntchito zing'onozing'ono zomwe zimatsegula chitseko, monga kutolera mayankho pa kafukufuku kwa masabata awiri, kulemba mayina a anthu olandira thandizo, kapena kuthandiza pa kampeni ya katemera, nthawi zambiri sizifika n'komwe m'nyuzipepala. Zimafuna anthu mawa lomwe. Bungwe likafuna kuyamba ntchito m'dera limadzera kukhonsolo, ndipo likafuna achinyamata limafunsa ofesi ya achinyamata ya boma, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, alangizi a zaumoyo a pachipatala cha m'deralo, khansala ndi mafumu a m'mabuloko. Amene ali m'kaundula wa anthu amenewa ndiye amaimbiridwa foni. N'chifukwa chake ndimauza achinyamata kuti asanathamangire ku City Centre ndi envelopu, ayambe adziwika kwawo.

Inu muli ku Kawale, chipatala muli nacho pafupi. Pitani mukafunse mkulu wa alangizi a zaumoyo kuti ndi magulu ati ongodzipereka omwe amagwira nawo ntchito. Fufuzani nthambi ya Malawi Red Cross Society ya m'dera lanu, kapena mukafunse kulikulu lawo ku Area 14. Kumeneko mumaphunzira chithandizo choyamba kwa ovulala, ndipo pakagwa ngozi ya madzi osefukira ngati zomwe zimachitika m'mbali mwa Lingadzi ku Mtandire, mavolontiya awo ndi amene amayamba kufika. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre mu January 2023, anthu ongodzipereka ndi amene ankayenda khomo ndi khomo kugawa mankhwala othira m'madzi ndi kulondola odwala. Ena mwa achinyamata omwe ndinawadziwa nthawi imeneyo lero ali pa kontirakiti. Ena sali, ndipo sindikunamizani kuti onse zinawayendera.

Ngati mtima wanu uli pa ana, sukulu za mkombaphala za m'madera zimayendetsedwa ndi alezi omwe ambiri salandira kanthu, ndipo munthu wodziwa kusunga kaundula ndi kulemba lipoti amawathandiza kwambiri. Ngati uli pa nkhani ya HIV, dziwani ntchito za Lighthouse ku Kamuzu Central ndi ku Bwaila, za Baylor yomwe ili ndi Teen Club ya achinyamata omwe ali pa mankhwala a ARV, komanso magulu othandizana a NAPHAM, bungwe la anthu omwe ali ndi HIV. M'malo ngati amenewa chinsinsi cha odwala n'chachikulu, ndiye samangotenga aliyense wobwera, koma kufunsa sikulakwa. Kalabu ya achinyamata ya m'dera lanu, ngati ndi yolembetsedwa ku ofesi ya achinyamata kapena ku National Youth Council of Malawi, nayonso ndi khomo. Ngati yafooka, idzutseni inuyo. Pa intavyu ndimachita chidwi ndi munthu amene anadzutsa kalabu yakufa kuposa amene ali ndi masatifiketi khumi a misonkhano ya kuhotela.

Mwafunsanso za zochitika. Zili ndi nyengo yake, ndipo mukaidziwa mumakonzekera. Pa 14 June ndi tsiku la opereka magazi, ndipo a Malawi Blood Transfusion Service amavutika kwambiri sukulu zikatsekera chifukwa ambiri opereka magazi ndi ophunzira, choncho gulu lomwe lingakonze tsiku lopereka magazi patchalitchi kapena pamzikiti nthawi ya tchuthi limalandiridwa ndi manja awiri. Pa 16 June ndi tsiku la mwana wa mu Africa. Chakumapeto kwa chaka kumakhala Tumaini Festival, chikondwerero cha nyimbo ndi zaluso, kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, chomwe anayambitsa mlakatuli wothawa kwawo Menes La Plume mu 2014, ndipo chimadalira anthu ongodzipereka. Kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December ndi masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi ndi atsikana, ndipo mkati mwake muli 1 December, tsiku lokumbukira za Edzi, ndi 5 December, tsiku la anthu ogwira ntchito modzipereka. Pa 15 December imayamba nyengo yodzala mitengo mpaka pa 15 April. Apa mabungwe ambiri amakhala ndi zochita zambiri kuposa manja.

Koma pali kapitidwe kake. Kupita tsiku lenilenilo, kulandira tisheti ndi botolo la chakumwa n'kubwerera, palibe amene adzakukumbukireni. Pitani kutatsala masabata awiri kapena atatu, mufunse amene akukonza mwambowo, munene kuti mukhoza kulemba mayina pakhomo, kumasulira, kuyala mipando kapena kulemba zomwe zakambidwa. Mwambo ukatha musathamangire minibasi, tsalani muthandize kusonkhanitsa katundu. Nthawi imeneyo alendo olemekezeka apita, atsala ndi ogwira ntchito otopa, ndipo m'pamene mumadziwana ndi anthu mayina. Mawa lake tumizani kalipoti ka tsamba limodzi ngakhale sanakupempheni.

Tsopano chenjezo, ndipo apa ndikupemphani mumve bwino. Palibe bungwe loona lomwe limalipiritsa ntchito. Mukalandira uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika, woti mwasankhidwa koma mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ya fomu, ya yunifolomu kapena yoyezetsera kuchipatala, ameneyo ndi wakuba. Onani imelo yomwe akuti mutumizeko kalata: bungwe lalikulu siligwiritsa adiresi ya Gmail polemba anthu ntchito. Ngati dzina la bungwe simunalimvepo, fufuzani ngati linalembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, yomwe inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022, kapena ngati ndi membala wa CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma. Timagulu ta m'madera timadziwika kukhonsolo. Safunsa anadya phula.

Chinanso ndi chija anthu amachitcha kapeti intavyu. Bwana akakuuzani kuti mukakumane kumalo ogona alendo kapena madzulo ofesi itatsekedwa kuti mukambirane za ntchito, musapite. Sungani mauthengawo. Mabungwe akuluakulu onse ali ndi ndondomeko yoteteza anthu ku nkhanza zotere ndi njira yodandaulira mwachinsinsi, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa mchitidwe umenewu. Ndikudziwa kuti kukana kumawawa pamene kunyumba kulibe ufa, koma atsikana omwe ndinawaona atalowera njira imeneyo anakhala akapolo a munthu mmodzi, ndipo pulojekiti itatha anatsala opanda ntchito ndi opanda mtendere.

Ntchito yongodzipereka nayonso ili ndi odyerapo masuku pamutu. Ine ndinagwirapo miyezi isanu ndi inayi pa bungwe lina laling'ono, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, thiransipoti yochokera m'thumba la mayi anga, ndikulonjezedwa kuti ndalama zikabwera ndidzakhala woyamba kulembedwa. Ndalama zinabwera, analemba wina, ndipo nditapempha kalata yosonyeza kuti ndinagwirako ntchito anandizungulitsa mpaka ndinatopa. Zinandipweteka kwambiri, ndipo sindifuna kuti zikuchitikireni. Musanayambe, gwirizanani polemba: masiku angati pa sabata, kwa miyezi ingati, ntchito yanu ndi yotani, akuyang'anirani ndani, thiransipoti ndi chakudya chamasana zili bwanji, ndipo pamapeto mudzalandira kalata yaumboni. Masiku awiri kapena atatu pa sabata ndi okwanira, otsalawo muzichita kabizinesi kanu kapena ganyu. Ndipo sankhani malo oyenda pansi kuchokera kunyumba. Kukwera minibasi ziwiri tsiku lililonse kupita kukagwira ntchito yaulere, ndi mitengo ya masiku ano, simungapirire mwezi.

Gulani kope, ndipo muzilembamo zonse zomwe mwachita: tsiku, malo, anthu angati, chinatuluka n'chiyani. Ambiri amalemba pa CV kuti "ndinali volontiya" basi, osanena kanthu. Wina amalemba kuti anayendera mabanja angati m'miyezi ingati, anaphunzitsa magulu angati a banki m'khonde, anapeza ana angati osiya sukulu ndipo angati anabwerera. Wachiwiriyu ndiye timamuitana, chifukwa ntchito ya m'mabungwe ndi yowerengera zinthu zotere mwezi ndi mwezi. CV isapitirire masamba awiri, ndipo kalata iliyonse muziilemba mwatsopano molingana ndi zomwe afunsa, osati imodzi yomweyo kungosintha dzina la bungwe.

Pa luso, zitatu ndi zomwe ndaona zikusiyanitsa anthu a dipuloma yofanana. Choyamba, kutolera mayankho pa foni ndi KoboCollect kapena ODK, zomwe mukhoza kuphunzira nokha pa foni yanu masiku ochepa. Chachiwiri, Excel, osati kungoitsegula koma kusanja manambala n'kutulutsa tebulo lomveka. Chachitatu, laisensi ya njinga yamoto. Ntchito zambiri za kumudzi zimafuna imeneyi, ndipo atsikana omwe ali nayo ndi ochepa, moti mukaipeza mwadumpha anthu ambiri pamzere. Ngati mumalankhula Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, lembani, chifukwa likulu likhoza kukhala mu Lilongwe koma ntchito ili ku Rumphi, ku Mangochi kapena ku Nsanje. Ndipo ntchito yoyamba ikapezeka ku Mchinji kapena ku Ntchisi, musaikane pofuna kukhala m'tauni. Ambiri a ife tinayambira kumaboma.

Ndisabise, pali chinthu chimodzi chomwe chimandidetsa nkhawa tikamakamba nkhaniyi ngati makwerero okha. Agogo amene mukawayendere ku Kawale kapena mwana amene mukamuphunzitse kuwerenga sakudziwa za CV yanu, akudalira kuti Lachitatu mubweradi monga munanenera. Anthu a m'madera atopa ndi achinyamata obwera kudzajambula zithunzi n'kusowa. Mukalonjeza miyezi itatu, ikwanitseni, ndipo mukapeza ntchito pakati, katsanzikeni bwino n'kusiya wina m'malo mwanu.

Lolemba likubwerali yambani ndi malo awiri: kuchipatala cha Kawale kwa mkulu wa alangizi a zaumoyo, kenako ku ofesi ya achinyamata ya boma. Tengani chiphaso chanu cha unzika, kope la dipuloma ndi CV, ndipo mufike m'mawa asanatuluke kupita kumadera. Mukabwerako mudzandiuze zomwe akuuzani, ndipo ngati mukufuna kuti ndikuonereni CV yanu, nenani, ndidzaiwerenga Loweruka.