Bambo anga akuti Mulungu anawanamiza

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Bembeke kuno ku Dedza. Bambo anga ali ndi zaka 71 ndipo akhala mkulu wa mpingo kuyambira ndili kamwana. Anaumba njerwa, kuotcha okha, n'kuyamba nyumba ya zipinda zinayi ndi ndalama za mbatatesi. Khoma litafika pa lintala feteleza anakwera mtengo, achimwene a ku Joni anasiya kutumiza, kenaka bambo anafa ziwalo mbali imodzi. Pano m'nyumbamo mwamera chisoso. Vesi lawo linali Yeremiya 29:11, koma lero sakulola n'komwe kuti tiwapempherere. Akuti Mulungu anawanamiza. Amayi amawakalipira kuti akuchitira mwano Chauta, ndipo akakangana amakagona kukhitchini. Ndiwauze chiyani?

Wodandaula, Bembeke

Mwana wanga,

Sindikuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo ako adekha kale mokwanira.

Yamba ndi mayi ako. Uwapemphe mwaulemu aleke kukalipa. Munthu amene ankanyamula thumba la mbatatesi yekha, lero akudikira wina amutembenuze pamphasa, akalankhula zowawa ndiye kulira kwake kumeneko. Sitiroko imagwetsanso mtima, ndiye mukapita nawo kukachita mafizo muwauze adokotala za kukhumudwaku.

Tsono vesi lawolo. Ambiri timalikonda, ena mpaka amalilemba kumbuyo kwa minibasi, koma vesi 10 timalidumpha. Yeremiya ankalembera akapolo ku Babulo, ndipo anawauza kuti kubwerera kwawo kudzachitika patatha zaka 70. Tawerengetsa wekha. Bambo wa zaka 40 amene anamva kalata ija ikuwerengedwa, Yerusalemu sanamuonenso. Lonjezo linakwaniritsidwa ndithu, koma amene analowa pachipata anali ana ndi adzukulu. Nanga Abrahamu? Anamulonjeza dziko lonse la Kanani, koma malo amene anagula n'kukhala akeake ndi munda wa Makipela, wa masekeli 400 a siliva, woti aikemo maliro a Sara. Davide anatuta miyala, mitengo ndi chitsulo, womanga kachisi n'kukhala Solomo.

Apa ndinene zimene mwina abusa angachite nazo manyazi: Mulungu sanalonjeze bambo ako nyumba ya zipinda zinayi. Nyumbayo analonjeza ndi iwo eni, kwa mkazi wawo ndi kwa inu ana. Ndikuganiza kuti chikuwadya ndi chimenecho. Ngati ali pachikamwini, monga abambo ambiri kwanuko, chimapweteka kawiri, poti mkamwini amafuna asiye chooneka pamudzi wa eni, anthu asadzati anangodzadya nsima. Koma usawauze zimenezi ngati ulaliki. Akhala akulalikira ena zaka zonsezi, mavesi amawadziwa kuposa iwe ndi ine.

M'malo mwake itanitsa amalume ako, mwini mbumba, pamodzi ndi abale ako onse. Wa ku Joniyo mumuimbire pa WhatsApp ali pomwepo, anene yekha chimene angathe, ngakhale malata asanu. Zoti mumalize nyumba yonse iwalani kaye. Folerani chipinda chimodzi ndi pabalaza, muike chitseko, muzire pansi ngati simenti yavuta. Mvula ya ku Dedza siichedwa kufumbutsa khoma losafolera, ndiye zichitike dzinja lisanafike.

Ndipo chilichonse muziwafunsa bambo. Muwanyamule pampando, muwakhazike padzuwa pafupi ndi khomalo, mmisiri azimva kwa iwo kuti zenera likhale mbali iti. Za pemphero usawakakamize. Madzulo ena ukakhala nawo, uwapemphe kuti akuthandize kumvetsa Yeremiya 29 kuyambira vesi 4, uwerenge pang'onopang'ono mpaka pa zaka 70 paja, kenaka ukhale chete uwasiye alankhule okha.

Azakhali