Mafunso Anu: Kodi ku Copenhagen tikadye kuti?

Mwezi uno talandira makalata angapo ochokera kwa owerenga omwe akukonzekera ulendo wa ku Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, ndipo onse nkhawa yawo ndi ya pamimba. Tawafupikitsa makalatawo kuti mayankho apeze malo.

Akonzi, ndikupita ku msonkhano wa ntchito wa masiku asanu. Kuhotela azidzatipatsa cham'mawa chokha. Ndamva kuti mzindawu ndi wodula kwambiri. Ndizikadya kuti kuti alawansi indikwanire? — Bambo wa pa ulendo wa ntchito

Bambo, zomwe mwamvazo n'zoona, koma chomwe chimatha ndalama kwambiri si chakudya ayi. Ndi mpando umene mwakhalapo ndiponso chakumwa chimene mwaitanitsa. Chakudya chomwecho, mukadyera patebulo loyang'ana madzi ku Nyhavn, doko lakale la nyumba zamitundumitundu lomwe alendo amakonda kujambulitsirako, mtengo wake umakwera chifukwa cha malowo. Ku Nyhavn kapiteni, kaoneni, kajambulitseni, koma njala yanu mukaithetsere kwina. N'chimodzimodzinso msewu wa Strøget, wa anthu oyenda pansi okhaokha.

Ndalama ya kumeneko ndi krone, osati yuro. Mu lesitilanti wamba mbale imodzi ya madzulo imayambira cha pa makrone 150 mpaka 300, kapu ya khofi cha pa 40 kapena 50. Mukawonjezera chakumwa ndi kotsekemera, chakudya chimodzi chatha kale makrone 400. Ndiye konzani tsiku lanu chonchi: cham'mawa cha kuhotela mudye mokhuta, masana mudye chakudya chenicheni, madzulo mupepuze.

Malo oyambira ndi Torvehallerne, msika wa nyumba ziwiri zagalasi womwe unatsegulidwa mu 2011 pafupi ndi siteshoni ya Nørreport. Sitima zambiri za mumzinda, za metro ndi za pamtunda zomwe, zimaima pa Nørreport, choncho simungasochere. Mumaona chakudya ndi maso musanagule, mumalipira pomwepo, ndipo palibe wokukakamizani chakumwa. Si msika wotchipa, koma mumadziwa chimene mukulipira. Ngati muli pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima, moyang'anana nayo pali Tivoli Food Hall. Mukalowera kumsewu wa Bernstorffsgade safunsa tikiti ya paki ya Tivoli.

Chotsika mtengo kuposa zonse ndi pølsevogn, kangolo ka soseji koima m'mabwalo ndi m'masiteshoni. Timangolo timeneti tinayamba kuoneka mu 1921. Mukanena kuti "en ristet hotdog med det hele" akupatsani soseji yowotcha m'kabuledi, ataikamo masitadi, ketchup, msuzi wachikasu wotchedwa remoulade, anyezi wamuwisi, anyezi wokazinga ndi nkhaka zoviikidwa mu vinega. Mtengo umakhala cha pa makrone 40 mpaka 60. Imodzi siikhutitsa munthu wamkulu, ziwiri zimakwana.

Madzulo pitani ku Nørrebro. Mumsewu wa Nørrebrogade muli malo ambiri ogulitsa shawarma, falafel ndi nkhuku yowotcha, ndipo ndi ndalama yosafika makrone 100 mumadzuka mutakhuta. Malo ena omwe timawayamikira kwambiri ndi Absalon, tchalitchi chakale cha pa Sønder Boulevard ku Vesterbro chomwe chinasandutsidwa nyumba ya anthu onse. Nthawi ya 18:00 anthu amakhala pa matebulo ataliatali, chakudya chimabwera m'mbale zikuluzikulu, aliyense n'kumagawira mnzake ngakhale sadziwana. Chakudya ndi chimodzi kwa onse, choncho yambani mwaona pa intaneti chomwe aphika tsikulo, ndipo tikiti mugulire pomwepo chifukwa malo amatha msanga. Kwa munthu amene ali yekha paulendo, kudya kotereku kumachotsa kusungulumwa kwa m'chipinda cha hotela.

Ngati ulendo wanu uli m'miyezi yofunda, pali Reffen ku Refshaleøen, komwe kale ankapangirako sitima zapamadzi. Ndi bwalo lalikulu la timashopu ta zakudya za m'maiko osiyanasiyana, mphepete mwa nyanja. Basi ya 2A imakafika, komanso boti la havnebus lomwe mumakwera ndi tikiti yomweyo ya basi. M'nyengo yachisanu nthawi zambiri amakhala atatseka, ndiye musangonyamuka musanaone masiku awo. Ngakhale mu Julayi tengani juzi, chifukwa mphepo ya panyanja siichita manyazi dzuwa likapendeka.

Anzanga akuti ndisakabwereko osalawa smørrebrød. N'chiyani chimenechi, ndipo chimadyedwa bwanji? Ndikuopa kukachita manyazi. — Wophunzira

Musaope. Smørrebrød ndi chidutswa chimodzi cha buledi chopakidwa batala, pamwamba pake ataunjikapo ndiwo, popanda china chovundikira. Buledi wake amatchedwa rugbrød: wakuda, wolemera, wowawasa pang'ono, wopangidwa ndi ufa wa mbewu ya rye. Amakhalitsa m'mimba, moti zidutswa ziwiri zimakwanira anthu ambiri, ndipo zitatu ndi za munthu amene wayenda tsiku lonse. Apa ndi pamene alendo amalakwitsa: amaona ngati kachidutswa n'kakang'ono, amaitanitsa zinayi, n'kusiya ziwiri m'mbale atalipira kale. Mu lesitilanti chidutswa chimodzi chimatha kufika makrone 100 kapena kupitirira.

Ichi ndi chakudya cha masana. Pa Chidanishi cha masana amati frokost, cham'mawa ndi morgenmad, cha madzulo ndi aftensmad. Malo ambiri a smørrebrød amatseka khitchini cha m'ma 15:00 kapena 16:00, ndiye amene akufika 19:00 amapeza chitseko chotseka kapena menyu ina. Schønnemann, pa bwalo la Hauser Plads, yakhalapo kuyambira 1877 ndipo imagulitsa masana okha. Popanda kusungitsa tebulo masiku angapo m'mbuyo, mwayi wokhala pansi ndi wochepa. Aamanns ndi malo ena odziwika, amene amakonza smørrebrød mwamakono. Ngati thumba lili lopepuka, ku Torvehallerne kapena m'mashopu a nyama ndi timashopu ta smørrebrød ta m'makwalala amagulitsa zotengera, zotsika mtengo.

Kadyedwe kake kali ndi dongosolo. Amayamba ndi sild, nsomba ya m'nyanja yoviikidwa mu vinega, shuga ndi anyezi. Siidutsa pamoto, ndipo kukoma kwake kotsekemera mowawasa kumadabwitsa lilime losazolowera. Ngati mukukayika, funsani stegt sild, yomwe amayamba aikazinga asanaiviike. Kenako pamabwera nsomba ina, makamaka fiskefilet, nsomba yopanda minga yokazinga ndi zinyenyeswa za buledi, ya remoulade ndi ndimu. Kwa woyamba kumene ife timati ayambire pamenepa, chifukwa ndi yotentha ndipo siikhumudwitsa. Nyama imatsatira, tchizi n'kumalizira. Chifukwa cha dongosololi n'chakuti fungo la nsomba lisasakanikirane ndi nyama, n'chifukwa chake amakusinthirani mbale, mpeni ndi foloko mukamaliza sild.

Mudye ndi mpeni ndi foloko. Mukanyamula ndi manja zonse zapamwamba zimagwera pamalaya. Chenjeraninso ndi mawu akuti tatar: ndi nyama ya ng'ombe yaiwisi yogaya, yokhala ndi chikasu cha dzira laliwisi pamwamba. Eni ake amaikonda, koma musaiitanitse mosadziwa. Akakufunsani za snaps, ndi mowa waukali wa m'katambula kakang'ono. Kukana si mwano. Mukamaliza, mawu akuti "tak for mad", kuthokoza chifukwa cha chakudya, amawasangalatsa kwambiri, makamaka ngati mwaitanidwa pakhomo pa munthu.

Ine ndi amuna anga sitidya nkhumba chifukwa cha chipembedzo. Kodi tikavutika? — Mayi wodera nkhawa

Amayi, simukagona ndi njala, koma mukafunika maso, chifukwa Denmark ndi dziko loweta nkhumba kwambiri ndipo nkhumba imabisala m'zakudya zomwe dzina lake silitchula nkhumba. Chakudya chomwe chinasankhidwa mu 2014 kukhala cha dziko, stegt flæsk med persillesovs, ndi nkhumba yokazinga ya mbatatesi ndi msuzi woyera wa pasile. Frikadeller, timipira ta nyama yogaya, nthawi zambiri ndi nkhumba kapena nkhumba yosakaniza ndi nyama ya thole. Leverpostej, chopaka pabuledi chomwe mudzachipeza ngakhale patebulo la cham'mawa kuhotela, ndi chiwindi cha nkhumba. Soseji za pa pølsevogn pafupifupi zonse ndi nkhumba.

Lembani mawu awa pa foni: svinekød, gris, flæsk, skinke, bacon, spæk, medister. Onsewa akuloza ku nkhumba. Ng'ombe ndi oksekød, nkhuku ndi kylling, nkhosa ndi lam, nsomba ndi fisk. Funso lanu likhale "Er der svinekød i?", kutanthauza kuti kodi muli nkhumba. Pafupifupi aliyense woperekera zakudya amayankhula Chingerezi bwino, ndiye musadandaule za katchulidwe.

Misampha iwiri ndi iyi. Malo ena achikale amapaka buledi wa sild ndi fedt, mafuta a nkhumba, m'malo mwa batala. Ndipo hønsesalat, smørrebrød ya nkhuku, kawirikawiri imabwera ndi bacon pamwamba. Nenani poitanitsa, osati mbale itafika, chifukwa kungochotsapo kachidutswako sikuchotsa mafuta omwe alowa kale. Ngati mukufuna nyama ya halal, ku Nørrebro ndi mbali ina ya Vesterbro ndi komwe kuli malo ambiri olembedwa choncho pakhomo. Amene sadya nkhanu ndi zina za zigoba ayang'ane mawu akuti rejer ndi skaldyr; chakudya chotchedwa stjerneskud ndi cha nsomba, koma pamwamba amathirapo rejer.

Kodi polipira ndisiye ya woperekera zakudya? Nanga ndinyamule ndalama zamapepala kapena khadi? — Wowerenga

Mtengo womwe uli pa menyu ndi womwewo: msonkho wa moms wa 25 peresenti ndi malipiro a operekera zili momwemo. Palibe adzakuyang'aneni moipa mukapanda kusiya kanthu. Mukasangalala kwambiri mutha kuwonjezera pang'ono.

Khadi la Visa kapena Mastercard limagwira ntchito pafupifupi paliponse, ngakhale pa kangolo ka soseji. Uzani banki yanu musananyamuke kuti isalitseke poganiza kuti labedwa, ndipo kumbukirani nambala yachinsinsi. Makina akakufunsani ngati mulipire m'makrone kapena m'ndalama ina, sankhani DKK, omwe ndi makrone, nthawi zonse. Kusinthira pa makinapo kumakudyerani. Malo ena amawonjezera kachindapusa pa makadi ochokera kunja kwa Ulaya, ndipo lamulo limawalola. Chikwangwani cha MobilePay, njira yolipirira pa foni, musachiwerengere, chifukwa mlendo wa masiku ochepa sangathe kulembetsa. Ngati wina wakupatsani ndalama zamapepala zomwe anasunga kalekale, dziwani kuti pepala la makrone 1000 ndi mapepala akale osindikizidwa chisanafike chaka cha 2009 anasiya kugwira ntchito pa 31 Meyi 2025.

Madzi a pampopi ndi abwino kumwa mu mzinda wonse, koma malesitilanti ambiri amalipiritsa jagi ya madzi omwewo, omwe amawatcha postevand. Funsani mtengo musanavomere. Yendani ndi botolo lanu, muzidzaza kuhotela. Mukagula chakumwa m'masitolo a Netto, Rema 1000 kapena Føtex, botolo kapena chitini musataye: chili ndi pant, ndalama ya chikole ya krone 1, 1.50 kapena 3, yomwe makina a m'sitolo amakubwezerani mukachibweza.

Pakhomo pa malo aliwonse odyera payenera kukhala pepala la oyendera zaukhondo a boma, lokhala ndi kankhope. Ndondomekoyi inayamba mu 2001. Kankhope komwetulira ndiye kuti zinthu zili bwino, kokwinya, pitirirani.

Tikupita mu Disembala ndi mwana wa zaka zinayi amene thupi lake limadana ndi mtedza. Titani? — Makolo

Choyamba ndi nthawi. Anthu kumeneko amadya cha m'ma 18:00, ndipo makhitchini ambiri amatseka cha m'ma 21:00 kapena 22:00 ngakhale anthu akadali pamatebulo. Ena satsegula Lamlungu ndi Lolemba. Kuyambira kumapeto kwa Novembala makampani ndi mabanja amachita julefrokost, phwando la masana la Khirisimasi, moti Lachisanu ndi Loweruka matebulo amakhala atatengedwa masabata angapo m'mbuyo. Sungitsani malo pa intaneti musananyamuke, ndipo mulembe pomwepo za mwanayo ndi kupempha højstol ngati akufunika mpando wautali. Pa 24 Disembala, tsiku lomwe Adanishi amachita Khirisimasi yawo, pafupifupi paliponse pamakhala potseka madzulo, masitolo a zakudya omwe. Gulanitu zofunika pa 23.

Za mtedza, lamulo la European Union limakakamiza malo odyera kuuza kasitomala ngati chakudya chili ndi chimodzi mwa zinthu 14 zomwe zimadwalitsa anthu ena, ndipo mtedza uli pamndandandawo. Koma muyenera kufunsa. Lembani pakapepala kuti "Mit barn er allergisk over for jordnødder og nødder" n'kupatsa woperekera kuti akaonetse wophika. Jordnødder ndi mtedza wa m'nthaka, nødder ndi mtedza wa m'mitengo, mandler ndi alimondi. Funsani adokotala a mwanayo musananyamuke ngati mitundu yonseyi imamuvuta, chifukwa zakudya za Khirisimasi zadzaza ndi alimondi. Risalamande, phala la mpunga la kirimu lomwe amathira msuzi wa zipatso za cheri, lili ndi alimondi woduladula. Mabanzi otsekemera a wienerbrød nthawi zambiri amakhala ndi marcipan mkati, amenenso ndi alimondi wopera, ndipo mu bekale zinthu zimagundana pa thileyi imodzi. Æbleskiver, timipira totentha ta ufa, mazira ndi mkaka tomwe amadyera jamu ndi shuga, kawirikawiri tilibe mtedza, komabe funsani pa malo aliwonse chifukwa ophika amasiyana.

Mankhwala a mwanayo akhale m'chikwama chomwe mwanyamula, osati m'sutikesi kuhotela. Akayamba kutupa milomo kapena kubanika, imbani 112 nthawi yomweyo. Ngati ndi zidzolo chabe ndipo akupuma bwino, nambala ya 1813 ndi ya anamwino ndi madokotala a chigawo cha Copenhagen, omwe angakuuzeni chipatala choti mupiteko.